Bwanji nyenyezi yopepuka ndiyo yakalamba msanga?

Mphunzitsi wina wa sayansi wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili: "Timawauza ana kuti nyenyezi yolemera kwambiri ndiyo imafa msanga. Nanga zikutheka bwanji kuti pa Gamma Velorum yopepuka ndiyo ili pafupi kufa, pomwe inzake yolemera idakali ndi nyonga?"

Aphunzitsi, zimene mumaphunzitsazo n'zoona. Nyenyezi yolemera kuwirikiza ka 30 kuposa dzuwa imatsiriza nkhuni zimene zimaiwalitsa, zomwe ndi haidrojeni wa m'kati mwake m'zaka mamiliyoni ochepa chabe, pomwe dzuwa lathu limafunika zaka pafupifupi mabiliyoni 10. Koma lamuloli limanena za kulemera kumene nyenyezi inabadwa nako, osati kumene tikukuyeza lero, ndipo pamenepa ndi pamene pagona yankho lanu.

Gamma Velorum mukhoza kuiona ndi maso madzulo a mwezi wa Marichi mukayang'ana kum'mwera, chakum'mawa kwa nyenyezi yowala kwambiri yotchedwa Canopus. Imaoneka ngati kadontho kamodzi kowala, koma mkati mwa kadonthoko muli nyenyezi ziwiri zimene zimazungulirana m'masiku 78.5. Ina ndi yolemera kuwirikiza pafupifupi ka 30 kuposa dzuwa, inayo ka 9 kokha. Yopepukayi ndi ya mtundu wa Wolf-Rayet, dzina lochokera kwa Charles Wolf ndi Georges Rayet amene anazindikira nyenyezi zotere ku Paris mu 1867. Kuwala kwake kumasonyeza heliyamu ndi kaboni wambiri, kutanthauza kuti chikopa chake cha haidrojeni chinasendeka ndipo chimene tikuona ndi phata lotentha la nyenyezi yomwe pobadwa inali yolemera kuposa inzakeyo. Mpaka pano ikutayabe thupi lake kudzera mu mphepo yamphamvu ya mpweya, ndipo pamene mphepoyi ikuwombana ndi ya inzake pamatuluka ma X-ray.

Njira yachiwiri yotayira thupi ndiyo imene imandichititsa chidwi kwambiri. Nyenyezi ikamakalamba imafufuma, ndipo ikakhala yokha palibe choitchinga. Ikakhala ndi inzake pafupi, pali malire amene mphamvu yake yokoka imathera, omwe anawawerengera katswiri wa ku France, Édouard Roche. Ikafufuma kudutsa malirewo, mpweya wake umayamba kutsanulikira kwa inzake, monga madzi a mu ndowa yodzaza akamasefukira mu ina imene yaikidwa pambali pake. Yolandirayo imanenepa, imazungulira mofulumira, ndipo imaoneka yaing'ono msinkhu kusiyana ndi zaka zake zenizeni.

Umboni woonekeratu wa zimenezi uli pa Algol, kadontho kena komwe mulinso nyenyezi zozungulirana, ngakhale kuti nyenyezi zake si zolemera ngati za Gamma Velorum. Kuwala kwa Algol kumazilala kwa maola angapo pa masiku 2.87 aliwonse, ndipo John Goodricke anayeza nthawi imeneyi mu 1783. Yokalamba pa ziwirizo ndi yopepuka kuposa dzuwa, pomwe inzake yooneka yanthete imalemera kuwirikiza katatu ndi pang'ono kuposa dzuwa. Inayamba yolemera ndi yokalambayo, kenako inakhuthulira zambiri kwa inzake.

Chimene ndingakonde kuti ana anu amve n'chakuti zoterezi sizichitika mwa apo ndi apo. Mu 2012, Hugues Sana ndi anzake anapeza kuti mwa nyenyezi zolemera kwambiri za mtundu wa O (gulu la nyenyezi zotentha koposa), zoposa 70 pa 100 zilizonse zidzasinthana mpweya ndi inzawo, ndipo zina mwa izo zidzaphatikizana n'kukhala nyenyezi imodzi. Ndiye buku limene limajambula moyo wa nyenyezi yolemera ngati ya payokha likufotokoza za zochepa zokha. Mukadzafika pa mutu umenewu, jambulani nyenyezi ziwiri pa bolodi, mulembe kulemera kwa iliyonse pobadwa ndi kwa lero, kenako mufunse ana kuti thupi losowalo linapita kuti.