Kolera ikafika m'mudzi, atsogolere ndani?

Mayi ena a ku Lizulu, omwe ndi wapampando wa komiti ya zaumoyo m'mudzi mwawo, andilembera imelo: "Mvula yayandikira, amfumu ali duu, mlangizi wa zaumoyo timamuona mwa apo ndi apo. Kolera ikabwera atsogolere ndani?"

Mayi, funso lanu landilasa mtima. Kumbukirani kuti mliri wa kolera wa 2022 unayamba mu Marichi ku Machinga, koma boma linadzaulengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo m'dziko lonse pa 5 Disembala. Pofika kumapeto, odwala anaposa 59,000 ndipo anthu opitirira 1,700 anatisiya, kuphedwa ndi matenda omwe odwala ambiri amachira akayamba msanga kumwa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Ine ndimati chinapha ambiri ndi kuchedwa, aliyense kudikira kuti wamkulu wake ayambe walankhula.

Ndipo kwanuko nkovuta kwambiri. Msika wa Lizulu uli pamalire penipeni, ogulitsa tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere amachokera mbali zonse ziwiri, kuno ndi ku Mozambique. Kachilombo sikafunsa chiphaso. Wina akatsegula m'mimba pamsika m'mawa, madzulo ali ku Tsangano kapena pa minibasi ya ku Lilongwe.

Mtsogoleri weniweni amaonekera pamaliro. Munthu akafa ndi kolera, achibale sasambitsa mtembo. Azaumoyo ndi amene amaupopera klorini wa 2%, maliro amaikidwa tsiku lomwelo, ndipo pasiwa sipaphikidwa nsima. Zimawawa, sindikukana. Koma mawu amenewa akanena mlangizi yekha, anthu amamutenga ngati mwana wamwano. Akaimirira amfumu nkunena okha, adzukulu amamva. Mfumu yoopa kudedwa ndi anamfedwa imaikitsa anthu ena atatu sabata yotsatira. Chimodzimodzi mfumu yolamula zimbudzi pomwe kwawo kulibe, ndani angaimvere?

Za mlangizi musafulumire kumuweruza. Mlingo wa boma ndi mlangizi mmodzi pa anthu 1,000, koma ambiri amasenza midzi yoposa pamenepo, pa njinga yakapalasa.

Ndiye muyambire pati?

Musadikire wodwala woyamba. Yendani khomo ndi khomo, lembani mabanja opanda chimbudzi, ndipo chimbudzi chilichonse chitalikirane ndi chitsime mamita 30. Mndandandawo mupite nawo kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), mlangizi ali pomwepo, kuti tsiku lomalizira kukumba zimbudzi alitchule amfumu ndi pakamwa pawo.

Pemphani klorini kuchipatala chaching'ono chapafupi. Wothira m'zidebe ndi wa 1%: magalamu 15 a ufa wa klorini wotchedwa HTH mu lita imodzi ya madzi, ndipo mlingo wa pa ndowa akuuzeni mlangizi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amasunga mankhwalawa m'botolo loonekera padzuwa, mphamvu nkutha. Amathira m'madzi amatope osayamba awasefa. Ena amamwa pompo, osadikira mphindi 30, ena amatunga ndi kapu yomwe agwira ndi manja akuda.

Wina akayamba kutsegula zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, ayambe kumwa Thanzi ali m'njira yopita kuchipatala. Ngati palibe, sungunulani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mlangizi adziwe tsiku lomwelo, osati mawa.