Aphunzitsi awiri mkalasi imodzi: yankho kwa Madamu a Sitandade 6

Ndalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa Sitandade 6, dzina sinditchula. Akuti mkalasi mwawo muli ana pafupifupi 90, ndipo mwa anawo muli mtsikana wachialubino amene saona bwino pabolodi, mnyamata amene amamva movutikira, ndi ena awiri amene amachedwa kugwira zinthu. Ahedi awapatsa mphunzitsi wa special needs wa ku resource centre kuti azilowa nawo mkalasi kawiri pa sabata, koma bambowo akalowa amakakhala kumbuyo ndi ana anayiwo nkumanong'onezana, Madamu ali kutsogolo akuphunzitsa, ana ena onse makosi atembenuzira kumbuyo. Ndiye akufunsa kuti kodi sikwabwino anawa azingotengedwa kupita ku resource room, chipinda chapadera chothandiziramo ana ofunika chithandizo chapadera, basi, aliyense agwire ntchito yake mwamtendere?

Madamu, ine ndikuti ayi, musawatulutse. Koma zomwe zikuchitika panopazo nazonso sizoona. Resource room ija mwangoisamutsira kumbuyo kwa kalasi yanu, ndipo mwina bola yeniyeni ija chifukwa ili ndi chitseko, pamene apa ana anayiwo ali poyera aliyense akuwaona. Mukudziwa nokha msinkhu wa Sitandade 6, ena atha kale msinkhu, ndi nthawi imene mwana amaopa kusekedwa kuposa kulephera mayeso. Pakangotha milungu iwiri amakhala apatsidwa kale dzina loti "ana a Sala aja", ndipo mtsikana uja akayamba kujomba musadabwe.

Vutoli si la kuno kokha ayi. Ku America, komwe nkhani ya co-teaching, yoti aphunzitsi awiri aziphunzitsa limodzi kalasi imodzi, inalembedwa kwambiri, ana a msinkhu umenewu amakhala ku middle school, giledi 6 mpaka 8, ndipo lamulo lawo lotchedwa IDEA limafuna kuti mwana waulumali aziphunzira ndi anzake momwe zingathekere. Marilyn Friend ndi Lynne Cook anafotokoza njira 6 zomwe aphunzitsi awiri angagawanire kalasi, koma ofufuza ena ataunika mu 2007 zomwe zimachitika mmakalasimo anapeza kuti yofala kwambiri ndi yomweyi, wina akuphunzitsa wina akungozungulira ngati wothandizira. Komatu kumeneko kalasi kawirikawiri siipitirira ana 30. Ndiye musadzione ngati olephera.

Poyambira ndi apa: bambowo ndi mphunzitsi, si mlonda wa ana anayi. Ambiri amene anapita ku Montfort ku Nguludi, koleji yosula aphunzitsi a ana aulumali, anayamba agwira choko mkalasi wamba ngati inuyo, sikimu amaidziwa, lesoni pulani amaidziwa. Apatseni kalasi yonse. Tsiku lina iwo ayambitse phunziro la ma fraction kutsogolo inu muzizungulira mmizere, tsiku lina musinthane, kuti ana asadziwenso kuti uyu ndi wa ndani. Ndikudziwa kuti zimawawa pang'ono kusiyira munthu wina bolodi lako, enafe timaona ngati akutiyesa kapena akakanena kwa a PEA, alangizi a zamaphunzirowo, koma mukakhala inuyo pafupi ndi mnyamata wosamva bwino uja kwa piriyodi imodzi yokha mudzaona nokha mawu angati amene amamudutsa mphunzitsi akamayankhula atayang'ana kubolodi.

Pa ana 90 njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yogawa kalasi pakati, theka litsale mkati theka lipite pansi pa mtengo, phunziro lomwelo, zitsanzo zomwezo, aliyense ana 45. Koma pogawapo samalani, musaike ana anayi aja gulu limodzi pamodzi ndi onse amene mumati ndi ofooka, sakanizani, ndipo sabata yotsatira musinthane magulu. Mnyamata wosamva bwino akhale gulu lomwe kuli phokoso lochepa, mtsikana wachialubino asakakhale padzuwa, ngati mthunzi wake ndi wokayikitsa atsale mkati. Nthawi ya mvula njirayi imavuta, pamenepo mutha kungotembenuza theka la kalasi liyang'ane khoma lakumbuyo ndi tchati, phokoso limakhalapo koma zimatheka.

Zonsezi sizingayende ngati mukukumana pakhomo la kalasi belu litalira kale. Mphindi 15 za buleki dzulo lake ndi zokwanira, mutsegule sikimu, muwauze kuti mawa ndi mutu wakuti, mawu ovuta ndi awa, ndani ayamba, ndani achonga makope ati. Akapanda kudziwa zomwe muphunzitse adzapitanso kumbuyo kuja chifukwa alibe china chochita.

Kumbukiraninso kuti amabwera masiku awiri okha, atatu enawo muli nokha. Ndiye phindu lalikulu ndi zomwe mungatole kwa iwo. Mtsikana uja akhale kutsogolo pamalo pomwe kuwala kwa pawindo sikukumuthobwa mmaso, ngakhale atafuna kusendera mpaka pafupi ndi bolodi mulekeni, chipewa asavule, bolodi lizifufutidwa bwino, zilembo zikhale zikuluzikulu ndipo muziwerenga mokweza zomwe mukulemba. Anthu ena amati alubino amadzachita khungu akamakula ndiye ayambiretu braille, zimenezo si zoona, maso awo amaona pang'ono kuyambira pobadwa koma chialubinocho sichipita chiwonjezera vutolo. Kwa mnyamata uja, yankhulani mutayang'ana kalasi, mnzake akayankha kumbuyo bwerezani yankholo, mawu ofunika alembeni. Ndipo funsani makolo ngati anapita naye kuchipatala, ana ambiri samva bwino chifukwa cha mafinya mkhutu, zomwe zili ndi mankhwala.

Awiri ochedwa kugwira zinthu aja ndili nawo kachikaiko pang'ono. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amasanduka Chingelezi, ndiye mwana amene anakwera makalasi asanadziwe bwino kuwerenga amaoneka ngati mutu sukugwira, chonsecho vuto ndi chiyankhulo, kapena njala, kapena kujomba nthawi yolima. Afunseni funso lomwelo mu Chichewa pakamwa muone. Bambo aja anaphunzira kuyeza zoterezi, apempheni achite zimenezo musanawapachike dzina anawo.

Sindikunena kuti resource room ndi yoipa. Pali zinthu zomwe sizingaphunzitsidwe pakati pa ana 90, monga braille, chinenero chamanja, kapena kubwerera ku maliwu ndi maphatikizo kwa mwana wamkulu amene angachite manyazi pamaso pa anzake. Zimenezo apite, kwa nthawi yochepa, osati pa piriyodi ya Masamu kapena Chingelezi, abwerenso. Ndipo mwana amene samva konse pasukulu pomwe palibe wodziwa chinenero chamanja, ine sindingamuumirize kukhala mkalasi chifukwa choti pepala likutero, sukulu za ana osamva ngati Mua, Maryview ndi Embangweni zidakali ndi ntchito yake. Chikalata cha Salamanca, chomwe mayiko anagwirizana kuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo, chinabwera mu 1994, chaka chomwe pulayimale inakhala yaulere kuno, boma linatulutsanso ndondomeko ya inclusive education, maphunziro osasiya mwana aliyense, mu 2017, koma kukhala mkalasi ndi kuphunzira ndi zinthu ziwiri. Ana anu anayiwo, malinga ndi momwe mwawafotokozera, palibe amene akufunika kuchoka.

China chomwe simunafunse koma chikubwera: zaka ziwiri zikubwerazi anawa alemba PSLCE. MANEB imakonza mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi a braille, koma pokhapokha sukulu itanena polembetsa mayeso. Yambani pano kusunga kope la mwana aliyense, zomwe zikumuvuta, zomwe mwayesa, kalata ya kuchipatala ngati ilipo, muzilemba nonse awiri, ndipo ma test anu apakati pa teremu mtsikana uja azilembanso pa pepala la zilembo zikuluzikulu kuti azolowere. Kopelo mudzapereke kwa wa Sitandade 7 pamanja, ahedi akudziwa.