Musasiye mabiti, achimwene

Achimwene, musasiye kupanga mabiti chifukwa chofuna kuimba. Zonse ziwiri zimatheka, koma mizu yanu ikhale ku mabitiko. Taonani Dr. Dre, katswiri wopanga mabiti wa ku America. Anabadwira ku Compton mu 1965, anayamba ngati DJ m'makalabu a ku Los Angeles, kenako n'kumapangira mabiti gulu la N.W.A. Mawu ambiri amene ankaimba ankamulembera anzake, koma khutu lake ndi limene linakweza Snoop Dogg mu 1992, ndiponso Eminem atamutengera ku kampani yake yojambula nyimbo ya Aftermath mu 1998.

Ine ndatha zaka zingapo m'kachipinda kojambulira, mathireyi a mazira atakhomedwa kukhoma, ndikukonza ng'oma imodzi mpaka tambala kulira. Oimba ndawaona akubwera n'kupita, koma wodziwa kusakaniza nyimbo sasowa womugogodera pakhomo.

Chimene chimandiwawa ndi nkhani ya mapepala. Dre pochoka ku kampani yojambula nyimbo ya Death Row mu 1996 anasiya komweko nyimbo zimene anazikhetsera thukuta. Inenso biti yanga ina inamveka pawailesi popanda dzina langa, chifukwa tinangogwirana chanza basi. Ndiye wina akakubweretserani kontirakiti, musasaine loya wodziwa za umwini wa nyimbo asanaiwerenge, ndipo nyimbo zanuzo mukazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina ku Malawi.