Funsani Malume: akuti akamwa girini ndiye amayendetsa bwino

Malume, ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Abambo akunyumba ali ndi ka Sienta, Lachisanu lililonse akaweruka amadutsa kaye ku Luwinga kwa anzawo, kubwera kwake ndi cha m'ma 11 usiku akuyendetsa okha. Ndikawalankhula akuti iwo saledzera amangomwa girini zitatu basi, komanso eti akalawako ndiye maso amatseguka. Akuti zaka zonsezi sanagundepo olo nkhuku. Pano akufuna pa Khirisimasi tidzapite ku Nkhata Bay ndi ana, tidzabwereko madzulo. Kodi ndikungodandaula zaziii?
Mayi a ana atatu, Chibavi

Mayi, simukudandaula zaziii ayi. Bambowo sikuti akukunamizani, amamvadi choncho m'thupi mwawo, ndipo vuto lagona pomwepo. Mowa umayamba wagoneka mbali ya ubongo imene imamuuza munthu kuti apa chepetsa, apa usaovateke. Mantha aja akachoka munthu amadziona ngati kadaulo pomwe phazi likuchedwa kufika pa buleki, maso akungoona kutsogolo kokha za m'mbali osaziona bwinobwino. Kuchedwako musakuone kuchepa, galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi yokha, ndiye mwana akatulukira mwadzidzidzi kuseri kwa minibasi sekondi imeneyo ndi imene imasiyanitsa kukuwa kwa matayala ndi maliro.

Lamulo lathu limaika malire pa magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Koma a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati ngozi imayamba kukwera kwambiri kuyambira pa 0.04, n'chifukwa chake iwo amalimbikitsa maiko kuika malire pa 0.05, ndipo kwa achinyamata ndi ongophunzira kumene 0.02. Ndiye kuti munthu akhoza kupumira m'kachipangizo ka atrafiki kaja n'kudutsa bwinobwino koma ali woopsa kale pamsewu. Munthu wa thupi lapakati akagugudiza mabotolo anayi motsatizana amakhala wafika cha pamalirepo kapena kudutsa kumene. Nanga mukukhulupiriradi kuti zimakhala zitatu? Za pabawa sizimawerengeka bwino, makamaka anzawo akayamba kugulirana ma raundi, wina n'kubweretsanso ka Malawi Gin.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'choti mowa subwera wokha. Bambowa akuyendetsa usiku, atagwira ntchito sabata yonse, tulo tili m'maso kale ndipo mowa umangotiwonjezera. Kuno ku Mzuzu mukudziwa nokha nkhungu ndi kamvula kowaza kaja, malo ambiri mdima bii, a sakaramento (a kabaza wa njinga zakapalasa) ena alibe nyali olo kagalasi kowala kumbuyo, oyenda pansi ena nawonso akuchokera komwa akudzandira m'mbali mwa tala. Maso a munthu womwa akathobwa ndi magetsi a galimoto yobwera kutsogolo amachedwa kuyambiranso kuona. Kenako liwiro, poti womwa phazi limalemera pa mafuta: liwiro likakwera ndi 1 peresenti mwayi wa ngozi yopha munthu umakwera ndi pafupifupi 4 peresenti. Lamba naye amaiwalika, chonsecho lamba amachepetsa imfa za okhala kutsogolo ndi pafupifupi theka. Ngati amwanso mankhwala a chimfine ogonetsa ngati Piriton ndiye zaipiratu.

Za nkhuku zija, njira ya Luwinga mpaka Chibavi manja awo anailoweza, imayenda yokha bola pasachitike chachilendo. Ngozitu imabwera tsiku limene chachilendo chachitika.

Msewu wa Nkhata Bay ndi nkhani ina. Makilomita pafupifupi 50 a makhotakhota, pobwera mukukwera mapiri, mu Disembala mvula, munthu wakhala padzuwa kunyanja tsiku lonse botolo lili m'manja. Ine ndikanakhala inu ana sindikanawakweza. Nkhaniyi muikambe m'mawa ali bwinobwino osati usiku akangofika, ndipo mugwirizane musananyamuke: mwina mutenge wachibale wa laisensi amene samwa, mwina mukagone konko mubwere mawa lake masana, apo ayi Sienta itsale pakhomo mukwere zolipira. Lachisanu namonso galimoto azikaisiya kaye kunyumba, ndalama ya takisi siifika olo pa mtengo wa nyali imodzi yakutsogolo.

*

Malume, ine ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Zolozolo. Sindiyendetsa nditamwa, koma Loweruka ndimamwa mpaka cha m'ma 2 usiku, 6 koloko ndimadzuka kusamba madzi ozizira, kumwa supu wa mang'ina ndi khofi kenako pamsewu kukanyamula opita kutchalitchi. Pali vuto?
Mnyamata wa ku Zolozolo

Achimwene, lilipo ndipo lalikulu. Chimene chimachotsa mowa m'magazi ndi chiwindi, ndipo chili ndi liwiro lake losasintha, botolo limodzi nthawi zambiri limatenga kupitirira ola kuti lichoke. Mang'ina ndi abwino pamimba sindikutsutsa, khofi amakutsegulani maso, madzi ozizira amakudzidzimutsani, koma palibe chimene chimafulumizitsa chiwindi. Tiyerekeze mwamwa mabotolo 10 kuyambira 8 koloko mpaka 2, pofika 6 koloko mowa ukadali m'magazi, onjezerani kuti mwagona maola anayi okha, ndipo tulo ta mowa sitipumitsa thupi bwino. Ngati munasakanizako kachasu ndiye simungathe n'komwe kuwerenga chifukwa mphamvu yake imasiyana malinga ndi wotcheza.

Njinga imafuna zambiri kuposa galimoto, pamafunika balansi, ndipo mukagwa palibe chitsulo chokutchingirani inu ndi amayi mwawanyamula kumbuyowo, amene nthawi zambiri alibe n'chisoti chomwe. Ngakhale mowa utatheratu, matsire paokha amachedwetsa maganizo. Sankhani chimodzi, ngati mukufuna ndalama za Lamulungu m'mawa Loweruka muzisiyira pa mabotolo awiri n'kukagona 10 koloko isanakwane, ngati mwakesa nawo ndiye njinga iyambe kutuluka masana mutadya ndi kugona mokwanira.