Tanthauzo la "a good head on her shoulders"

Amayi, mwafunsa ngati aphunzitsi amene alemba pa lipoti kuti mwana wanu "has a good head on her shoulders" akumuyamikira kapena akumunyoza. Mtima pansi, akumuyamikira. Koma sakunena za malikisi ayi. Chining'achi chimakamba za munthu amene amayamba waganiza asanachite kanthu: anzake akamunyengerera zoipa amakana, mukamusiyira ndalama sazimwaza, pakagwa vuto sabalalika. Ife timati wokhwima maganizo. Mwana akhoza kumakhala nambala wani teremu iliyonse koma mawuwa osamuyenera; wotereyo m'Chingerezi amangomuti "clever" kapena "bright".

Pofuna kuchigwiritsa ntchito, mneni wake ndi "have" kapena "has", ndipo kachilembo "a" sikasiyidwa. Chimene chimasintha ndi mawu osonyeza mwini mapewawo basi: "he has a good head on his shoulders", "you have a good head on your shoulders". Mperekezi ndi "on", osati "in". Ambiri amaphonya pa "shoulders", amasiya "s" wakumapetoyo. Mapewa ndi awiri, mutu umakhala pa onsewo. Komanso phewa limodzi lili ndi chining'a chake choipa: "she has a chip on her shoulder" ndi munthu wosunga mangawa, wopsa mtima msanga chifukwa amaona ngati anthu amamuderera. Mukasokoneza ziwirizi mwatukwana munthu amene mumafuna kumutama.

China chimene chimasocheretsa ndi "head and shoulders above the rest". Apo nkhani ndi yopambana anzako kutalitali, kaya pa mpira kaya pa mayeso, za maganizo palibepo. Mankhwala otsukira tsitsi a Head & Shoulders aja asakusokonezeninso.

Tsono chofunika kwambiri ndi woyankhula ndi woyankhulidwa. Mawuwa amachokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono: kholo, mphunzitsi, bwana akunena za wantchito watsopano. Mukauza abwana anu kapena apongozi kuti "you have a good head on your shoulders", zimamveka ngati mukuwasisita pamutu monga mwana. Podzinena nokha pa intavyu sizikhalanso bwino, kumakhala kudzitama. M'kalata yochitira umboni munthu wofuna ntchito, makamaka ya ku ofesi, ndi bwino kulemba "she shows sound judgement", chifukwa chining'achi n'cha pocheza.

Ku Britain mudzamvanso "she has her head screwed on", tanthauzo lake ndi lomwelo koma ndi mawu a pakati pa anthu ozolowerana. Ndipo aphunzitsiwo akanalemba "an old head on young shoulders", bwenzi akutanthauza kuti mwanayo, ngakhale ali wamng'ono, amaganiza ngati munthu wamkulu.