Kuzizira sikunathe, musafulumire kudzala panja

Achimwene, mwafunsa ngati kuzizira kwatha ku London poti dzuwa lawala masiku ano, komanso ngati mungadzale maungu panja. Dikirani kaye. Mu Malichi masana kumafika madigiri 10 kapena 12, koma usiku wopanda mitambo kumatsika mpaka 0, chisanu n'kuwaula mbewu zanthete.

Chimasinthasintha ndi mphepo. Yochokera ku nyanja ya Atlantic imabwera ndi mvula komanso kafundidwe pang'ono. Yakumpoto kapena yakum'mawa imabweza kuzizira, pena ndi matalala. Masabata akubwerawa ziwirizi zizilandizana choncho. Zolosera za Met Office, bungwe loona zanyengo ku Britain, zidalireni pa masiku asanu oyambirira, kupitirira apo zimasintha.

Maungu ndi tomato fesani m'timiphika pawindo mu Epulo, mudzawokere panja kumapeto kwa Meyi. Jekete lisakhale patali.