Nkhope zotupa za mumlengalenga ndi mutu wa m'bulangete

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Katete. Ana a m'kalasi mwawo anaona vidiyo ya anthu okhala mu International Space Station, chombo chozungulira dziko lathu mumlengalenga, nkhope zotupa ngati alumidwa ndi njuchi, miyendo ngati ya kakowa. Mwana wina anafunsa ngati mutu suwapweteka anthuwo. Aphunzitsiwo anawonjezera lawo: bwanji akagona atafunda bulangete mpaka kumutu m'mwezi wa June, amadzuka mutu ukulemera?

Aphunzitsi, mafunso awiriwa ndi apachibale.

Ubongo ndi kanthu kochepa, 2 peresenti chabe ya kulemera kwa thupi, koma umatenga 15 peresenti ya magazi onse amene mtima umapopa. Timitsempha take ta magazi timafinyika kapena kumasuka tokha kuti magazi azifika mofanana, kaya mwaima, kaya mwagona. Koma pali bwana mmodzi amene timitsemphati sitimukanira: carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma. Ukachuluka m'magazi, timatseguka, magazi n'kukhamukira kumutu. Ukachepa, timafinyika. Mwana akamauzira moto wa nkhuni zaziwisi mpaka kuona chizungulire, musathamangire kunena kuti ndi njala. Wautulutsa mpweyawo mopitirira, ubongo walandira magazi ochepa. Madokotala amayeza mpweyawu m'magazi ndi muyezo wotchedwa mmHg, womwe amayezeranso BP. Mwa munthu wabwinobwino umakhala pakati pa 35 ndi 45, ndipo ukakwera ndi 1 yekha, magazi opita ku ubongo amawonjezeka ndi 3 kapena 4 peresenti.

Kumwambako, makilomita 400 kuchokera pansi, thupi limangoyandama, ndiye magazi ndi madzi a m'thupi satsikiranso kumiyendo. Pafupifupi malita 2 amakwera kuchifuwa ndi kumutu. Nkhope imatupa, mphuno imatsekeka ngati chimfine. Nkhopeyo ilibe vuto, ndi mnofu. Koma chigaza ndi fupa, sichitanuka.

Onjezanipo mpweya. Kuno kwathu umene mwapuma umakwera n'kupita chifukwa ndi wofunda. Kumeneko umangokhala pamphuno mpaka fani itauchotsa, ndipo m'chombomo carbon dioxide amachuluka kangapo kuposa wa panja pano, nthawi zina kakhumi. Scott Kelly wa ku America, amene anakhalako masiku 340 kuyambira 2015 mpaka 2016, ankaudandaula kwambiri. Choncho muuzeni mwanayo kuti inde, mutu umawapweteka, makamaka mpweyawo ukakwera.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi mmene akatswiri anaziyesera pansi pano. Mu 2017, ku Cologne m'dziko la Germany, anagoneka anthu 11 pabedi lopendekera kumutu madigiri 6, masiku 30, opanda pilo, kudya ndi kusamba ali chigonere, m'chipinda chowonjezeredwa carbon dioxide. Asanu anatupa kumbuyo kwa diso, pamene mtsempha woonera umalowera. Pa kafukufuku wotsatira sanawonjezere mpweyawo, koma kutupako kunaonekabe. Ndiye ine ndimaona kuti mwini mlandu ndi madzi okwera kumutuwo, mpweya ndi wongothandizira.

Za bulangete lanu ndi zazing'ono poyerekeza. Mwagona chathyathyathya, magazi afika kumutu mosavuta, ndipo mukupumanso mpweya wanu womwe usiku wonse. Tulutsani mphuno panja, valani chipewa ngati kukuzizira. Mutu ukamakupwetekanibe m'mawa uliwonse, makamaka ndi kusanza kapena kuona mwachimbuuzi, kayezetseni BP kuchipatala.

Simunatchule mbaula, koma ndikudziwa mmene timachitira kuno ku Chipata kukazizira. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wina, wosanunkha, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi ndipo umapha munthu ali m'tulo. Mukaotha, tulutsani mbaulayo pakhonde musanatseke chitseko, ngakhale makala akuoneka ngati azima.